Udzu Wanga wa Mbewu ndi Sipuleya ya a Phiri

Lolemba
Anandiuza ndi malemu a Chadza, amene anandiphunzitsa ntchito yosamalira maluwa, kuti udzu nawonso umadwala. Ndinawaseka. Lero ndi ine ndaima kuseri kwa nyumba ya adona, kuno ku Area 14, kuyang'ana udzu wanga. Masamba ali madontho-madontho ngati dzimbiri. Chiwawu chenicheni.
Komatu si udzu wamba uwu, ndi wa mbewu. Kalabu ya ng'ombe za mkaka kumudzi yati mkazi wanga alandira ng'ombe akaonetsa mbewu ya msipu mwezi uno usanathe. Popanda mbewu, ng'ombe ipita kwa wotsatira pamndandanda.

Lachiwiri
Ku Area 1, m'sitolo ya mmwenye pafupi ndi msika. Ndayamba kumufotokozera mbiri ya udzuwu kuyambira tsiku lofesa. Ndisanafike n'komwe pa mvula ya Januwale, wandipatsa kale paketi ya ufa wachikasu. "Madala, mukawerenge pepalalo." Pepala lake la Chingerezi! Ine zanga ndimasunga m'khutu. Ndamuumiriza anene pakamwa:
- masupuni atatu pa sipuleya imodzi
- kupopera mame atauma
- kumanga kansalu pamphuno
- osalawa

Lachitatu
Sipuleya ndilibe. A Phiri, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, andibwereka yawo ya kumunda wa chimanga. M'katimo mukukhuchumuka timadzi. "Otsala amenewo," atero, akuthamangira minibasi. Kutaya mankhwala, ine? Mankhwala ndi mankhwala, akathandizana momwemo.
Mvula masana onse. Sindinapopere.

Lachinayi
Dzuwa lawala. Ndathira ufa wanga pamwamba pa zotsala za a Phiri, ndadzaza madzi pa mpopi wakutsogolo, ndabereka. Sipuleya ikudontha kunsi, koma pang'ono chabe. Ndadutsa pa kapinga wa adona. Ndaima pa windo la khitchini kuwauza a Nasibeko, ophika, nkhani ya njoka imene ndinaipeza m'nsapato. Ndakhotera ku geti kukalonjera mayi wa nthochi, amene mwana wake wakwatiwa ku Mitundu. Kenako ndapopera udzu wanga wonse, kawiri, kuti chiwawu chidziwe kuti pano pali mwini.

Lachisanu
Madontho aja sakuonekanso, poti tsamba lonse lafiira. Ndikuti ndi mphamvu ya mankhwala. Mkazi wanga pafoni: "Bambo a Dalitso, mbewu ili bwanji?" Ndati chaka chino ikucha msanga.

Loweruka
Udzu wagona wonse, wauma ngati wofolera nyumba. Ngala ndikazifikisa m'manja, mankhusu okhaokha.
A Phiri, chigongono pa mpanda: "Otsala aja? Opha udzu m'chimanga. Simunatsuke? Achikulire, mumacheza ndi Area yonse ino, kafunso kamodzi kokha n'kamene kanakukanikani?"
Si zokhazo. Pa kapinga wa adona patuluka mzere wouma, kuchokera pa mpopi. Pa windo la khitchini pali chigamba ngati mphasa. Pa geti china, chokulirapo. Adona autsatira mzerewo pang'onopang'ono, kapu ya tiyi ili m'manja, mpaka aima pa windo paja. "Madala, apa ndiye munakhalitsa. Inali nkhani yanji?" Ndayamba ya njoka ija. Akweza dzanja.

Lamulungu
Kwacha. Chiwawu chatha, pamenepo sindinama. Sipuleya ndaitsuka katatu ndi sopo, ndabweza. Mawa ndiyamba kubzala kapinga m'zigambamo. Adona ati ndizigwira kukamwa kuli kotseka mpaka pamere.
Foni yalira, mkazi wanga asanapite ku tchalitchi. "Khola tamaliza dzulo, lofolera bwino, ndi modyeramo momwe. Mbewu mubwera nayo liti?"
Ndawauza zonse, mwachidule, koyamba m'moyo wanga.
"Ndiye kuti ng'ombe ipita kwa a Nazimbiri, otsatira pamndandanda. Nanga m'kholamo tiikamo chiyani?"
Ndati ayambe aikamo nkhuku. Ati nkhuku zili kale ndi kwawo, malowo asungira ine.