Ndodo ya Giya ndi Bondo la Apongozi

Ku Nangongwe, komboni ya ku Kafue, kuli madala ena amene mpaka lero akandiona ndikudutsa amakweza dzanja m'mwamba ngati agwira ndodo, kenako n'kufa nalo phwete. Ine ndimangowapatsa moni n'kupitirira. Sindiwaimba mlandu, chifukwa ndikanakhala woonerera tsiku limenelo, bwenzi ndikuseka nawo.

Zinachitika patangopita zaka zochepa chilandirireni ufulu, nthawi imene mafakitale ankamangidwa uku ndi uku ku Kafue, ife a kum'mawa tikukhamukira kuno kudzafuna ntchito. Ine ndinali fita, wokonza makina, pa fakitale ina ya nsalu, ndipo mzungu wina pobwerera kwawo anandigulitsa kavaneti kake. Kanali kokalamba, ka mpando umodzi wautali kutsogolo wokwana anthu atatu, kumbuyo kopanda denga. Ndodo ya giya inali pachiwongolero, moti pansi panalibe chotchinga chilichonse, ndipo wokhala pakati ankatambasula miyendo mmene wafunira. (Mfundo imeneyi muisunge. Ine sindinaisunge.)

Mkazi wanga Esinati anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo masiku anali atayandikira. Kwathu ku Katete mkazi wa mimba yoyamba amakachirira kwa amayi ake. Munthu wina wakumudzi anabwera ndi uthenga woti apongozi anga aakazi akubwera kudzamutenga, pamodzi ndi achimwene awo, a Gelesomu, amene anali eni mbumba. Esinati analira. Iye ankaopa kukachirira kutali ndi chipatala, ine ndinkaopa kutsala ndekha osamuona mwana wanga atangobadwa. Tinapangana chokawauza: kuno chipatala chilipo, galimoto ili pakhomo, matenda akangoyamba n'kungoliza basi. Mlandu wathu wonse unatsamira pa kavaneti kaja.

Tsono kavanetiko kanali ndi kachilema kamodzi. Ndodo ya giya inkagwedera chifukwa mabushi, timphira timene timakhala polumikizira zitsulo zopita ku giyabokosi, anali atadyeka. Giya yachiwiri ndinkachita kuifunafuna, koma ndinkaipeza. Ntchito yonse inali yosintha timphirato. Koma ine ndinakafunsa nzeru kwa Ba Chanda, mnzanga wa kuntchito wochokera kumigodi ya ku Kopala, munthu wodziwa chilichonse kupatula kukhala chete.

"Iwe mudala, shani?" anatero atasuzumira m'kati. "Giya ya pa stelingi ni ya bankhalamba iyi. Manje bapongozi babwele bapeze motoka monga ya bafaza ba ku mishoni? Tiyike ndodo pansi monga ya mamotoka ya mpikisano. Bazakupasa ulemu."

"Nanga ikakana?" ndinafunsa.

"Ikane chani? Iwe sindiwe fita?"

Mawu omalizawo ndi amene anandipha. Tsiku lomwelo tinakazula ndodo, pamodzi ndi chogwirira chake ndi zitsulo zake ziwiri, m'chigalimoto china chakufa chimene chinali chitamera udzu m'kati.

Loweruka ndinakweza kavaneti panjerwa n'kuyamba ntchito. Kuti ndodo ifike ku giyabokosi pankafunika bowo pansi pa galimoto. Ndinayeza ndi maso (tepi inalipo m'nyumba, koma ndinkaona kuti kuyeza ndi tepi n'kudzichotsa ulemu pamaso pa Ba Chanda), ndinaika tchizulo, hamala pha! pha! pha! Bowo linatuluka lokongola ndithu, koma pamalo olakwika. Ndinalikulitsira m'mbuyo, ndodo inagunda mpando. Ndinalikulitsira kumanzere. Pofika masana panali chibowo choti nkhuku n'kudutsapo osawerama.

Mabushi atsopano kusitolo kunalibe. Anati mwina ku Lusaka, mwinanso mwezi wamawa. Ba Chanda anati tayala ndi mphira, mabushi ndi mphira, kusiyana kwake kuli pati? Ndinadula tizidutswa ta tayala lakale ndi mpeni wa kukhitchini, ndinatiboola ndi msomali wamoto, n'kutikanikiza polumikizira. Pini yogwira ndodo inasowa m'fumbi, ndiye ndinalowetsapo msomali n'kuupinda. Zitsulo ziwiri zija zinkadutsa pafupi ndi ekizosi, paipi yotulutsa utsi, pafupi kwambiri, ndipo ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinangoti zizolowerana.

Esinati anatuluka atagwira msana. Anayang'ana chibowo, anayang'ana ine.

"Inu, motoka inali kuyenda bwino iyi. Manje mwaibowolera chani?"

"Nikonza," ndinayankha ndili pansi pa galimoto.

"Kukonza kwake ndiye kwakuti tiziona msewu kumapazi?"

Pamenepo Ba Chanda anakumbukira kuti akufunika kwina, ndipo sindinawaonenso mpaka zonse zitatha. Ine ndinayesa magiya pabwalo: yoyamba, yachiwiri, ya m'mbuyo, zonse zinkalowa khwa! khwa! Pachibowo ndinayalapo katoni n'kuphimba ndi saka. Kunena zoona, madzulo amenewo ndinkayenda modzimva, manja m'thumba, kudikira kuti aneba andifunse.

Lolemba madzulo, pamene ndinkapita kusiteshoni, kunkagwa mvula. Alendo anatsika sitima yochokera ku Lusaka ali ndi thumba la mtedza, la ufa, ndi dengu la ziwiya. Kwa inu amene simudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sakhala moyandikana, ndipo zokhudzana ndiye sitinena n'komwe. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Choncho ndinanjuta patali m'matope n'kuomba m'manja, moni wanga n'kudzera kwa a Gelesomu.

Maganizo anga anali oti a Gelesomu akhale pakati, amayi kuchitseko, ulemu wonse usungike. Koma a Gelesomu anali ndi mwendo wosapindika, umene unavulala kumigodi ali mnyamata. Anayesa kuulowetsa uku, ndodo yanga yatsopano inatchinga. Anayesa uko, inatchinganso. Pamalo pamene mwendowo ukanatambasuka bwinobwino sabata yapitayo, ine ndinali nditadzalapo chitsulo.

"Akamwini, pamenepa si panga," anatero akutuluka chafutambuyo. "Alongo, lowani inu."

Kumbuyo kunali matumba ndi mvula, komanso apongozi suwakweza kumbuyo ngati mbuzi. Amayi anaima kanthawi, kenako anafunda chitenje kumutu n'kulowa, nkhope atalozetsa kwa achimwene awo. Ine ndinadzipanikiza kuchitseko changa mpaka chogwirira chinandilowa m'nthiti.

Giya yoyamba ndinali nditaiika iwo asanakhale pansi, choncho tinanyamuka mwaulemu. Vuto linali yachiwiri. Kuti ilowe, ndodo inayenera kubwerera m'mbuyo chakumanzere, ndipo kumeneko n'kumene kunali bondo la apongozi. Dzanja langa linanyamuka, linafika pakati, n'kubwerera lokha pachiwongolero. Linanyamukanso, n'kukathera kukanda khutu.

Tinayenda pa giya yoyamba. Injini inkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, koma anthu apanjinga ankatipitirira, mpaka wina anatipatsa moni n'kufunsa za kunyumba.

"Kodi imayenda chonchi masiku onse?" a Gelesomu anafuula kuti ndimve.

"Iyayi, ndikuopa mabampu chifukwa cha amayi!"

"Nanga mwana wathu akadwala, mudzafika naye liti kuchipatala?"

Funso limenelo linandilasa mumtima. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunkazizira. Kenako tinalowa m'chithaphwi. Katoni ija inali itanyowa kale, ndipo madzi amatope anatumphuka pachibowo n'kuwathira amayi kuyambira kumapazi mpaka m'maondo. Anangoyang'ana pansi, pamene msewu wa Kafue unkaoneka ukudutsa pambali pa mapazi awo (pang'onopang'ono ndithu, poti tinali pa giya yoyamba).

M'galimoto munayamba kumveka fungo la mphira wopserera. Ndinalimva, ndinalidziwa, koma ndinadziuza kuti likuchokera ku fakitale ya feteleza. Ndinaona kuti tikapitiriza chonchi injini iphulika alendo ali m'kati, ndipo apa m'pamene ndinapeza nzeru ina, ya mtundu womwewo wa nzeru zanga za Loweruka.

"Amalume, auzeni amayi kuti ine ndikaponda apa, iwo akokere ndodoyo kwa iwo."

"Alongo, akamwini akuti mukoke ndodo."

"Auzeni kuti ine chibadwire sindinayendetsepo galimoto," amayi anayankha ali chiyang'anire uko.

"Akuti sanayendetsepo."

"Ndamva, amalume. Auzeni kuti si kuyendetsa, n'kungokoka basi. Koma akoke ndi mphamvu, n'njolimba."

"Akuti ndi mphamvu."

Ndinaponda kilachi n'kunena kuti tsopano. Uthengawo unadzera kwa amalume monga mwa mwambo, unafika kwa amayi, ndipo iwo anatulutsa manja onse awiri m'chitenje. Anali manja ozolowera kuzula zitsa m'munda. Pansi panamveka kuti phwa! Zitsulo zinagwera mumsewu n'kuyamba kukhwekhwereza, ndipo ndodo yonse inazuka. Amayi anatsala ataigwira m'mwamba, kumapeto kwake kukulendewera kachidutswa ka tayala kofuka utsi. Ekizosi, itatenthedwa ndi kulira konse kuja, inali itasungunula mabushi anga, ndipo msomali wokha sukanalimbana ndi apongozi.

Kavaneti kanaseseleka pang'ono n'kuima pamphambano ya msewu wochokera kumafakitale, nthawi yeniyeni yoweruka. Kenako amayi ananong'oneza achimwene awo.

"Akamwini," anatero a Gelesomu modekha, "akufunsa kuti aiike pati."

Ndinalakalaka nditalowa pachibowo chomwecho n'kuzimiririka, ndipo kukula kwake kunali kokwana. Anthu oweruka anatiunjirira, ambiri a iwo anzanga a pa fakitale.

"Ba fita, ni chani? Bapongozi ndiye badilaiva manje?"

"Osaseka imwe, thandizani munthu! Tiyeni tikankhe!"

Anatikankha mpaka ku Nangongwe, akuimba ngati akukoka bwato, ana akuthamanga m'mbali. Ine ndinali pachiwongolero, maso patsogolo, kuwongolera galimoto yoyenda ndi miyendo ya anthu. Amayi anali chigwirire ndodo ija, poti funso lawo palibe amene analiyankha. Titafika pakhomo, Esinati anatuluka kudzalandira alendo, ndipo anaona amayi ake akutsika ali matope okhaokha, chitsulo chili m'manja. Anangokhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope. Ndinkayembekeza kuti mwina akuseka, koma ankalira.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi chapatali atatifulatira. Ndinayala mfundo zanga zonse: za chipatala, za manesi, za magetsi, za mankhwala. A Gelesomu anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Zachipatala tazimva," anatero. "Galimoto taiona."

"Imeneyo ndikonza lero lomwe, amalume."

"N'zimene tikuopazo."

Esinati anayesa kupempha, nayenso anagwada ndi mimba yakeyo, koma amayi analankhula koyamba mokweza, nkhope ili kumpanda. "Auzeni akamwini kuti kwathu kulibe galimoto. Kuli ngolo ya ng'ombe, koma ili ndi pansi pake."

Mlandu unathera pomwepo. Patapita masiku ochepa tinapita kusiteshoni wapansi, ine nditasenza sutikesi ya mkazi wanga pamutu, kudutsa pakhomo pa aliyense amene anatikankha. Sitima ili pafupi kunyamuka, Esinati anasuzumira pawindo, maso atatupa.

"Ija motoka musaikonze," anatero. "Muibwezele chabe mwamene inalili."

Ndinabwerera kunyumba yopanda munthu. Tizovala ta mwana timene tinagula tonse tinali titapita, panatsala kabedi kokha kamene ndinakhoma ndi manja anga, ndipo ndinkakatembenuzira kukhoma kuti ndisamakaone. Sindinasungulumwepo choncho pamoyo wanga. Chowawa kwambiri chinali chakuti panalibe woti ndimukwiyire. Apongozi sanalakwe, amalume sanalakwe, ngakhale Ba Chanda sanagwire tchizulo. Tchuthi kuntchito anandikaniza, poti oda ya nsalu inali yambiri. Zoti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo onse ali bwino, ndinazimva kwa kondakitala wa basi amene anatumidwa ndi munthu amenenso anachita kutumidwa.

Pamene ndinkafika ku Katete, mwanayo anali atayamba kale kuseka ndi anthu. Dzina anali atamupatsa, losakhala limene ine ndi Esinati tinasankha. Ankasekerera agogo ake, ankasekerera a Gelesomu, ankasekerera ngakhale galu. Atamuika m'manja mwanga anandiyang'anitsitsa, kamlomo kananjenjemera, n'kuyamba kulira mpaka agogo ake anatuma munthu kuti adzamutenge. Ndinatsala nditatambasula manja pakati pa bwalo, aliyense akuyang'ana kumbali kuti asandichititse manyazi.

Mungaganize kuti pamenepo ndinaphunzira kusiya chinthu chimene chikuyenda bwino kuti chiziyenda. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma pobwerera m'basi, misozi ili lengelenge, ndinangopezeka ndikuyang'anitsitsa ndodo ya giya ya dalaivala, uku ndikudziuza kuti cholakwika chinali tayala lija basi. Ndikanasula mabushi amkuwa ku fakitale, bwenzi mwana wanga akundidziwa.