Zitsulo za a Fryson

Ku Lanham konse kunalibe munthu wokonda dzimbiri ngati malemu a Fryson Mussa. Akaona chitsulo pamsewu ankaimitsa galimoto pomwepo, mahutala akulira kumbuyo, n'kukachinyamula ngati khanda.

Matendawa anawatenga ku myuziyamu ina ku Washington, komwe anaona paipi yopindika ili patebulo loyera, mlonda akuiyang'anira. Anabwerako mutu utazungulira. Anauza akazi awo, a Ellen, kuti azungu anayamba zaka zana zapitazo kutola zotayidwa za m'fakitale n'kuzitcha luso, ndiye iwo alekerenji. A Ellen anafunsa ngati azunguwo anali ndi akazi pakhomo.

Galaja inadzaza ndi magiya, matcheni ndi masipuling'i a thiraki. A Ellen, namwino wolawirira kuntchito, anatha zaka zisanu ndi zinayi akupala ayezi pagalasi la galimoto panja, zala zitauma gwa, pomwe zinyalala zinkagona m'nyumba ngati alendo olemekezeka. Padziko lino ankafuna chinthu chimodzi chokha, galaja yawo.

Tsiku lina a Fryson anawaitana kuti adzaone luso latsopano. Chinali chigubu cha makina ochapira, pamwamba pake atamangapo fosholo pa sipuling'i, yomangopukusa uku ndi uku.

"Ichi dzina lake ndi Ellen."

"Chifukwa?"

"Chimakana chilichonse."

Sabata imeneyo a Fryson anadziphikira okha.

A Fryson atamwalira chaka chatha, azibambo a kutchalitchi anabwera kudzathandiza wamasiye monga mwa mwambo. A Chomba, mkulu wa mpingo wochokera ku Lusaka, anangosuzumira n'kuti, "Amai, ivi ni vinyalala chabe." Loweruka limodzi lokha galaja inayera mbee. A Ellen anawaphikira tiyi, n'kuwauza kuti akanabwera kalekale.

Anthu atapita, a Ellen analowa m'galajamo okha. Pakona pomwe pankaima chigubu chija panangotsala chizindikiro cha dzimbiri pasimenti. Anaimbira a Chomba msangamsanga, koma zonse zinali zitaphwanyidwa kale. Zinawapweteka kwambiri, ndipo sanauze munthu.

Masiku ano zitsulo za m'misewu ya ku Lanham zimangogona popanda wozitola. Galaja ili pululu, chitseko chake chimatseguka bwinobwino. Mukawafunsa a Ellen, amati galimoto inazolowera panja. M'mawa uliwonse wa chisanu mudzawapeza pomwepo, akupala galasi, akupukusa mutu uku ndi uku.