Matayala Amene Ndinagula ndi Mkwiyo

"Alamu, imani! Mukufuna mutiwotchere m'galimoto muno?"

Anakuwa choncho ndi a Yusufu, achimwene awo a akazi anga, titangotuluka mu Boitekong, komboni imene ndinkakhala kudziko la eni, pa ulendo wa kumudzi ku Malawi. Ndinawayankha kuti ngati akuopa atsike, apite wapansi. Komatu fungo la labala wakupsa nanenso ndinali nditalimva kalekale. Ndinkangoumitsa khosi.

Zinayamba sabata imodzi m'mbuyomo. Ndinali nditagula baki yakale, galimoto yonyamulira katundu, kwa mzungu wina wa kumgodi kumene ndinkagwira ntchito ya kontirakiti. Cholinga chinali chimodzi: kukafikitsa malata kwa amayi ku Dedza mvula isanalimbe. Kalata yawo inati denga la udzu lawola, ndipo mvula ikagwa amagona chokhala. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi osapondako, dzina langa litalowa kale m'gulu la machona. Msewu wa kwathu mu Disembala ndi matope okhaokha, choncho ndinafuna matayala oyenda paliponse, aja a mano akuluakulu.

Ndinapita pa shopu ina ku Zinniaville. Mwini wake, mdala wa ndevu zoyera, anayamba mafunso. "Mumanyamula chiyani? Cholemera bwanji? Mukupita kuti? Msewu wake ndi wotani?"

Apa mundimvetse. Masiku amenewo ife obwera tinkadziwa kuti wofunsa kumene ukupita, mawa afunsa kumene unachokera, mkuja afunsa mapepala. (Anga anali abwino ndithu, bola osawayang'anitsitsa.) Mutu unanditentha. Ndinamuuza kuti sindinabwere kupolisi, ndabwera kudzagula matayala, ndipo ndimangoyenda m'tauni momwe muno. Kenako ndinaloza aakulu kuposa onse.

"Amenewo ayikulira galimoto yanu," anatero. "Yopanda katundu iyenda. Mukadzaza, akhudza chitsulo cha pamwamba pake."

"Woyendetsa ndinu kapena ine?"

Anangondiyang'ana, n'kulamula kuti awamange.

Sabata yonseyo ndinkayenda ngati mgodi ndi wanga. Baki inatalika, anthu ankatembenuka. Ndiye mukudziwa mmene timachitira tikamva kuti wina akupita kumudzi. Uyu njinga, uyu mabulangete, uyu wailesi, mayi wina wa ku Seraleng makina osokera a mwana wake. Sindinakanire aliyense. Kukana kukanatanthauza kuvomera kuti galimoto yanga ili ndi malire. Pansi pa zonsezo panali malata a amayi.

Ndiye pa ulendo paja, a Yusufu atakuwa, potsiriza ndinaima m'mbali mwa msewu. Kumbuyo kwa baki kunali kutakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Pa bampu iliyonse chitsulo cha madigadi chinkadya tayala, ndipo limodzi linali litasendeka ngati chinangwa.

A Yusufu anagwada, n'kuligwira, n'kuchotsa dzanja msanga. "Apa ndi pa phula, alamu. Nanga maenje a ku Tete? Wogulitsayo sanakuuzeni?"

"Sanandiuze."

"Ayi?"

"Anayankhula zambiri. Sindingakumbukire zonse."

"Ehe. Nanga inu munayankhulanso zingati?"

Ndinakwera m'galimoto n'kuitembenuza.

Tinabwerera pang'onopang'ono, njinga zikutipitirira. Anthu omwe anatitsazika m'mawa anatipeza masana tikutsitsa katundu wawo. Mayi wa makina uja anafunsa mwaulemu, "Achimwene, mwafika kale? Kumudzi ali bwanji?" Onse anaseka kupatula ine.

Atabalalika ndinakhala pa mulu wa malata aja. Kumadzulo kunali kutachita mdima wa mvula, ndipo ndinaganiza za amayi akusuntha mphasa kuthawa podontha. Mdala uja sankafuna mapepala anga. Ankafunsa ngati dokotala, kuti adziwe pamene pakupweteka. Koma munthu ukabisa kwanu nthawi yaitali, umayamba kubisira ngakhale amene akufuna kukufikitsako. Ndiye mantha anga ine satuluka ngati mantha, amatuluka ngati ukali, ndipo ndinkawatcha kulimba mtima.

M'mawa mwake ndinapita ku Zinniaville. Ndinadutsa shopu ija kawiri osaima. Kachitatu ndinatsika, n'kuvula chipewa. Mdala uja asanatsegule pakamwa ndinati, "Ndine wa ku Malawi. Ndikupita ku Dedza ndi malata a amayi anga. Msewu wake ndi matope."

Mawuwo anatuluka mokweza ngati ndikukangana, mpaka antchito onse anasiya zipanala. Koma anatuluka.