Umakaniko Wanga Unathera ku Mozambiki

Kwathu ku Lobi amanditchula "a Joni". Musaganize kuti ndi ulemu. Ku Joniko sindinafike.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2 (musandifunse, anzanga amene anamaliza akugulitsa tomato pa Chimbiya). Kulima kachewere kutandikwana, ndinamva kuti a Kamwendo, dalaivala wina wa pa Dedza, akupita ku Joni pa minibasi yawo ndipo akufuna makaniko woti akwere ulere. Ine pa galaja ndinakhalapo masabata awiri. Ndinkasesa. Koma ndinawauza kuti injini ndimadya nayo mbale imodzi.

Amayi anaitana azimayi a kumphakati kudzandipempherera. Ndinatsanzika mudzi wonse, ena ndinawatukwana komwe, poti sindidzawaonanso.

Anandipatsa mpando wa kutsogolo. Njira yonse kumatako kunkatentha, ine n'kumati ndi dzuwa la kunja. Titayenda ola limodzi m'dziko la Mozambiki, minibasi inatsokomola kawiri n'kuzima.

"Amakaniko, ntchito yanu ija," anatero a Kamwendo.

Ndinatsika ndi sipanala, chifuwa patsogolo. Ndinatsegula kachitseko ka kumphuno kwa galimoto. Munali kachigubu ka madzi basi. Ndinasuzumira pansi. Fumbi lokhalokha.

"Bwana!" ndinakuwa. "Injini yagwa m'njira!"

Anthu onse m'galimotomo anayang'anana. Bambo wina mpaka anatembenuka kuyang'ana kumene tachokera. A Kamwendo anangotukula mpando umene ndinakhalapo uja. Injini ili phee pansi pake.

"Iwe," anatero, "wakhala ukuifungatira chichokereni pa Dedza ngati nkhuku pa mazira. Ukuti yagwa?"

Mayi wina wa geni ya nsomba zouma, a Nangozo, anatsika akumanga chitenje. "Tapatuka apa mwanawe. Galimoto iyi ndakwera kasanu." Anatola mwala, anagogoda pamutu pa batire katatu. Galimoto inalira (ine sindinalire, linali fumbi).

Chikwama changa a Kamwendo anachiponya pa zenera, n'kundisiya pomwepo. Pa mpando wanga panakhala a Nangozo.

Ndinabwerera pa lole yonyamula kachewere, yemwe uja ndinkamuthawa. Ndinafika kwathu tsiku lomwelo, mabenchi a mapemphero aja asanabwezedwe n'komwe. Woyamba kukumana naye anali a Filipo, amene ndinawatukwana m'mawa.

"Mwabwerako, a Joni? Kuli bwanji kumeneko? Mwanenepatu!"

Amayi akuti ndiphunzirepo kuti bodza ndi loipa. Ine ndikukana. Bodza langa linali labwinobwino. Wolakwa ndi chitsiru chimene chinabisa injini pansi pa mpando.