Tsiku limene ndinapha Dona

Khu! Mpaka lero ndimalimvabe phokoso limenelo, la mzungu akugwa pansi m'tchalitchi chathu kufupi ndi Namitete. Zimene zinatsatira, agogo amene anandilera sanazikhululuke mpaka chimanga chinacha.

Mzunguyo anali Dona wa ku esiteti ya fodya, wobadwira ku Poland. Anthu ankati nkhondo isanamuthamangitse kwawo ankachita zisudzo, mpaka kuoneka pa kanema. Chaka chimenecho anadzipereka kuphunzitsa ana sewero la Khirisimasi, la Herode ndi makanda aja. Ine sanandisankhe, poti ndinali mwana wosayankhula. Koma mumtima ndinkafunitsitsa gawo (ngakhale la bulu ndikanalandira ndi manja awiri).

Tsiku lina nditamangirira mbuzi, ndinakasuzumira pawindo la tchalitchi. Ndinangoona Dona akugwira pamtima, maso tuzu, kufuula m'chinenero chakwawo, kenaka khu! Mwendo unagwedera kamodzi, basi zii. Sindinadziwe kuti akuonetsa Nabanda, mtsikana wosekaseka, mmene mayi wofedwa amakomokera.

Ndinaliyatsa liwiro la kuminda, kumene anthu ankapalira.

"Agogo! Dona uja watisiya!"

"Iwe, wamuona ndi maso akowa?"

"Mpaka mwendo waongoka."

Ndikanakhala mwana wolongolola akanayamba afunsa kawiri. Koma ine wachete uja? Makasu anagwa m'mizere, poti kwathu maliro akagwa khasu siligwiridwa. Amayi a m'mudzimo anamanga nsalu m'chiuno, kulira kunayambira kudambo. Malume anga anakwera njinga kukauza bwana wa ku esiteti (ndipo anafikadi, tsoka ilo).

Titafika patchalitchi, malirowo anatuluka okha pakhomo, akusasa fumbi padiresi.

"Wamwalira ndani?" anafunsa Dona m'Chinyanja chake chopunduka.

Mudzi wonse unatembenukira kwa ine. Agogo anandigwira khutu.

"Chaka chonse kukhala duu, eti lero wayankhula kuti utiphetse ndi udzu m'munda?"

Aphunzitsi a pasukulu yathu atamufotokozera, Dona anaseka mpaka misozi. Anati kwawo anafapo kambirimbiri pamaso pa anthu, koma sanaliridwepo chotere. Ine ndinalumbira kuti ndikadzaonanso munthu atagwa, ndidzayamba ndamutsina (sindinayeserepo).

M'mawa mwake galimoto inaima pafupi ndi khola lathu. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, koma Dona anandipeza. Anandipatsira nsalu yoyera m'manja.

"Gawo lako ili. Udzakhala mwana wakufa. Wakufa sayankhula, ndipo sathamanga."

Anakwera galimoto n'kumapita.