Lipenga la Mpingo ndi Ampulifaya ya a Tcheyamani

Lolemba

Lipenga lokuzira mawu lafika! Labwera pangolo kuchokera kwa mzungu wa thonje amene wabwerera kwawo. Ankamverera nalo nyimbo m'nyumba, ndiye walisiyira mpingo. Bokosi lathabwa losalala, ndipo m'kamwa mwake mbuzi ingagonemo.

Abusa akuti Lamulungu ndiwerenge ine mawu a m'Baibulo, mutu wonse. "Akakumvani a kumbuyo, ntchito yowerenga ndi yanu. Akapanda kumva, tipatsa Esinati." Esinati amalumpha mizere, koma akatsokomola ku Mlolo amamva.

Chimalizire Giredi 7 palibe anandimvapo ndikuwerenga. Mawu anga amathera pachibwano.

Malume anga, okonza mawailesi, alumikiza kaampulifaya kawo, kabokosi kopatsa lipenga mphamvu kofanana ndi sopo, ndi batire ya galimoto. Akuti lipenga lotere limakhuta msanga: kamphamvu pang'ono, mawu ambiri. Ndinong'ona pamaikolofoni kuti "moni". Amayi awiri kuchitsime ayankha!

Lachiwiri

A Tcheyamani a nthambi ya chipani amva. Abwera ndi chiampulifaya cha pamisonkhano, amuna awiri atachinyamula ngati maliro.

"Lipenga lalikulu, ampulifaya yaikulu. Ng'ombe sitimanga ndi ulusi."

Abusa athokoza katatu. Malume akuyang'ana zala zawo. Panja andiuza kuti kumeneko ndi kumwetsa khanda phala ndi fosholo. Ndiwafunsa chifukwa chake sananene. "Mphwanga, mphatso ya chipani unaona ndani akubweza?"

Lachitatu

Tiyesa. Munthu asanayankhule, lipenga layamba kale kung'ung'udza ngati njuchi m'mphako. A Tcheyamani apotoza kabatani pang'ono chabe. Tswiii! Abusa agwetsa magalasi.

Zimene zamveka mpaka kumsika:
1. Abusa kumeza malovu.
2. Mimba ya mkulu wa mpingo, kawiri.
3. Mayi Phiri kunena kuti mpongozi wawo ndi waulesi. Mpongoziyo anali kumsikako.

Ine ndatsegula pakamwa, lipenga lalira, ndatseka.

A Tcheyamani: "Ndiye mphamvu imeneyo!"

Lachinayi

Ndabwera m'mawa ndi makala. Ndiyesa mapazi kuchokera pamaikolofoni, ndikulemba pansi.

Phazi limodzi: likulira.
Mapazi atatu: likulirabe, koma mwaulemu.
Mapazi asanu ndi awiri: lasiya. Koma pamenepo ndili panja, ndipo tambala wa abusa akumveka kuposa ine.

Ndaika thonje m'kamwa mwa lipenga, ndaphimba ndi chitenje changa. Bwinoko! A Tcheyamani alowa. "Ndani wamanga chipani pakamwa?" Ndachotsa zonse. Thonje ladzaza m'tsitsi.

Esinati akusesa pafupi, akuyimba mokweza dala.

Lachisanu

Malume ali ndi nzeru. Chiampulifaya chikhale pamwamba pa tebulo, kagetsi kake kofiira kakuyaka, anthu aone. Kasopo kawo kabisale pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu. Mawaya a lipenga apite kwa kasopoko.

Tiyesa. Ambuye! Mawu anga, koma atasamba ndi kudzola. Ndawerenga mutu wonse kawiri. Abusa ali kukhomo, akuti iwo sanaone kanthu, koma akumva bwino kwambiri.

Bulauzi ndachapa. Ndasita ndi m'khwapa momwe.

Loweruka

A Tcheyamani akufuna kuyesa komaliza, ndipo batani agwira okha. Vuto: batani lawolo silikulamulira kalikonse.

Malume akwawira pansi pa tebulo. Pangano lathu: a Tcheyamani akakweza, ndiwaponde kamodzi, nawo akweze kasopo. Akatsitsa, ndiwaponde kawiri.

Poyamba zikuyenda. Koma kuwerenga, kuyang'ana dzanja la a Tcheyamani, ndi kuponda malume ako enieni nthawi imodzi! Mwendo wayamba kunjenjemera wokha. A Tcheyamani achotsa dzanja pabatani, akukanda khutu, mawu akukwera ndi kutsika ngati njinga pamizere ya mtedza. Kenaka lipenga lonse linena ndi mawu a malume: "Iwe, chala changa!"

Nsalu yakwezedwa. Malume akuti akufunafuna kasikuluwu ka makina kamene kagwa.

A Tcheyamani: "Kodi mpingo uno uli ndi chipani china pansi pa tebulo?"

Abusa anena kuti adabwa kwambiri. Mawaya abwerera kuchiampulifaya. Kasopo kapita m'thumba la jekete la a Tcheyamani, kukafunsidwa mafunso.

Lamulungu

Tchalitchi chadzaza. Ena achokera ku Zemba wapansi kudzamva lipenga la mzungu. A Tcheyamani akuti lero alendo adziwe, apotoza batani mpaka polekezera.

Ndiimirira. Ndikoka mpweya. Chilembo choyamba chokha: phuu! Kenaka zii. Kafungo ka tayala lopsa.

Malume, pabenchi lakumbuyo, avula chipewa.

Abusa andikodola kuti ndipitirize. Ndawerenga ndi mawu angawa, mutu wonse, kupuma pamalo popumira. Ofunika kundimva akanakhala a benchi loyamba, koma onse makutu akuwalira. A Tcheyamani akufunsa mokuwa ngati ndayamba.

Ntchito yapita kwa Esinati. Pa zolengeza walumpha maliro amodzi, aliyense wamva bwino. Lipenga akuti azisungiramo mabuku a nyimbo.

Sindinalakwitse liwu ndi limodzi lomwe. Mboni ndilibe.