Jipiesi pa Njinga ya Malemu Mark

Pulaniyo inabadwira pa chibuku cha masana ku Chileka, ndipo inabadwa ili ndi ndevu kale. Dickson, amene ankadzitcha Jenerale ngakhale asilikali ake anali awiri okha, anati m'galimoto ya Mayi Lettie, yonyamula alendo a ku bwalo la ndege, muli jipiesi, kachida kolozera njira. Wogula analipo kale ku Lirangwe. Tony Zala akabe, Gracian ayendetse.

Gracian ankatchedwa Injiniya chifukwa anapondako ku koleji chaka chimodzi, mpaka Mark, mkulu wake amene ankamuphunzitsa, anamwalira. Chomwe anamusiyira ndi njinga yamoto ya kabaza. Gracian anakana kuilowetsa m'zakuba. Jenerale atamutcha dolo kawiri, anavomera.

Kubako sikunavute, mayiwo anasiya zenera lotsegula akugula tomato. Kenako Jenerale anatulutsa nzeru ina: apolisi a pamsewu amasecha m'matumba, sayang'ana pachiwongolero. Kachidako akamangirire poyera ngati nkawo.

Koma kamphira kake kanali komata pagalasi; pachitsulo kankangogwa. Apa Injiniya anakumbuka sukulu yonse. Anapinda chitsulo, nkuthira guluu womatira mainjini, nkuzenga waya, pamwamba malegeni. Nthambo anailumikiza ku batire. Anadikira maola awiri kuti guluu aume, atakhala pambali ngati alonda a maliro.

Atakwera atatuwo, kachidako kanayaka nkuyamba kulankhula mawu a mzimayi wachizungu, muvi ukuloza cha ku Lirangwe.

"Mwaona, aise?" anatero Jenerale. "Kakudziwa kale komwe tikupita. Tikatsatire, kakatizembetsa apolisi."

Palibe anafunsa kuti kadziwa bwanji. Anakhota pomwe kanati akhote, anasiya tala, anadutsa m'minda ya chimanga, mpaka pa geti lobiriwira pomwe mzimayi wachizungu uja analengeza kuti afika.

Mkati munali galimoto ija. Pakhonde panali Mayi Lettie ndi alongo awo anayi, akukambirana za mbava. Kachidako kankangobwerera kwawo, monga kanazolowera madzulo aliwonse.

Jenerale anati iwo ndi anthu abwino, akatola pamsewu. Mayiwo anafunsa ngati pamsewu kanagwa ndi guluu yemwe. Tony anayesa kuthawa, malegeni otsala nkumukola mwendo.

Alongowo anakoka, anapotokola, anamenya ndi mwala. Ntchito ya Injiniya sinasunthe. Wamkulu wa iwo anatulutsa sowo yodulira zitsulo nkuyika pachiwongolero, pomwe utoto unafufutika ndi dzanja la Mark.

"Musadule, achimwene," anatero Gracian motsitsa mawu. "Chonde."

"Ndiye changa chichoka bwanji, mwanawe?" anafunsa Mayi Lettie.

Gracian anayang'ana Jenerale. Jenerale anali atakhala pansi, nsapato atamuvula kale, akuyang'ana nyerere.

Gracian anaikankha yekha njingayo kulowa nayo pageti, nkuiimika pamthunzi, nkupereka kiyi ndi manja awiri.